Mphindi Imodzi pa Mizere Mazana Atatu

Lachitatu masana amayi anafika kunyumba nsapato zili m'manja. Amayi anga ndi namwino, ndipo akavulira nsapato panjira ndiye kuti tsikulo lawatafuna. Anakhala pampando wa kukhitchini osavula ndi yunifolomu yomwe, n'kundipempha madzi akumwa. Atamwa anayamba kufotokoza, osati mokalipa, koma ndi mawu otsika aja amene ine ndimawaopa kuposa kukalipa. Anati okalamba makumi anayi ndi awiri anafika kuchipatala m'mawa umenewo kudzaonana ndi dokotala wa mtima, chonsecho dokotalayo amabwera Lachinayi lokha. Aliyense anali ndi uthenga pafoni womuuza kuti abwere Lachitatu. Ena anaperekezedwa ndi ana awo amene anachita kujomba kuntchito. Agogo ena anakaniratu kuchoka pabenchi, akuti makina sanama, wonama ndi namwino.

"Uthengawu chimatumiza ndi chinthu chanu chija," anatero amayi. "Ndinu munandinyengerera kuti tisiye kuimbira anthu mafoni."

Chinthu chathucho ndi pulogalamu ya pakompyuta yokumbutsa odwala tsiku lobwera kuchipatala. Tinaipanga ife, kagulu ka anthu okonda makompyuta kamene kamakumana Loweruka lililonse m'chipinda cha kuseri kwa shopu ya achimwene anga, momwe amakonzera mafoni ndi malaputopu. Ndi pulogalamu yaulere ndiponso yotseguka. Aliyense angathe kuitsegula pa intaneti n'kuona mmene tinailembera, mpaka kuona kuti mzere uliwonse anaulemba ndani, anauvomereza ndani, nthawi yanji. Amene anakhudza gawo la masiku Lachisanu lapitalo ndinali ine.

Kulakwitsa aliyense amalakwitsa, n'chifukwa chake achimwene anaika lamulo limene timalitcha maso anayi. Chilichonse chimene munthu walemba sichilowa m'pulogalamu mpaka mmodzi wa osunga makiyi atachiwerenga mzere ndi mzere n'kusainira. Osunga makiyi alipo atatu: achimwene, mphunzitsi wa masamu amene tonse timamutcha Madamu, ndi Wamawaya. Amene anasainira zanga anali Wamawaya, ndipo Wamawayayo anali chibwenzi changa cha miyezi inayi chimene pakhomo pathu panalibe wochidziwa.

* * *

Dzinali linamukakamira chifukwa cha ntchito yake. Amayenda pa njinga yamoto makwerero atamangirira kumbuyo, kulumikiza intaneti m'maofesi ndi m'nyumba za anthu, ndipo m'matumba mwake simusowa tiziduswa ta waya wabuluu. Ngati pali munthu amene ndinadana naye nditangomudziwa, ndi ameneyu. Ntchito yanga yoyamba m'gululi anaibweza kasanu, pa intaneti, dziko lonse likuona, ndi ndemanga zazifupi zopanda ndi moni yemwe. Apa mwaiwala chaka chimene Febuluwale amakhala ndi tsiku lowonjezera. Apa munthu akapanda kulemba nambala ya foni chichitike n'chiyani? Ulendo wachinayi ndinakalirira m'bafa. Wachisanu ndinamutsatira panja n'kumufunsa ngati nkhanza zakezo anabadwa nazo kapena anachita kupitira kusukulu. Anaseka, n'kundiuza kuti ntchito ya munthu wopanda mutu sataya nayo nthawi, amangoikonza yekha mwakachetechete, koma yanga inali yoyenera kukanganirana. Ndinapita kunyumba ndili chikwiyire, koma mawu amenewo sanandichoke m'mutu.

Zinayambira pamenepo. Anayamba kundiperekeza pokwerera basi akukankha njinga yake, tikutsutsana njira yonse za makompyuta ngati tilibe nkhani zina. Tsiku limene ndinamulola tinali titabisala mvula pakhonde la sitolo yotseka, iye ataphimba chikwama cha zida ndi jekete yake, ine ndikunyowa. Ndinamuuza kuti mwamuna wophimba mapulayazi n'kusiya mkazi pamvula sindinamuonepo, komabe ndalola.

Kuchokera nthawi imeneyo ntchito zanga zinayamba kudutsa popanda ndemanga. Zinadutsa khumi ndi ziwiri motsatizana. Ndinkayenda mapewa m'mwamba, ndikuganiza kuti tsopano ndakhwima, ndipo achimwene ananena pagulu kuti chaka chisanathe nanenso andipatsa kiyi yanga. Tsiku limenelo ndinadzigulira nsapato.

Chobisira chibwenzicho chinali achimwene omwewo. Chimwalirireni bambo anadzipatsa okha udindo wa mlonda wa pakhomo. Wamawaya amamukonda ngati mnzawo wa pakompyuta, koma ngati mlamu ayi. Amati munthu wa makwerero lero ali padenga ili, mawa padenga lina, ndipo mtima wake umayenda chimodzimodzi. Umboni wawo unali manong'onong'o a chaka chatha okhudza iyeyo ndi Madamu, ngakhale onse awiri anakana. Ndiye tinapangana kuti Loweruka likubwerali, msonkhano ukatha, ndiwauze achimwene mofatsa, kuti Lamlungu Wamawaya adzaonekere kwa amayi.

* * *

Cholakwikacho ndinachipeza Lachitatu lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo chinali chochititsa manyazi. Kompyuta imawerenga masiku a sabata kuyambira pa ziro, ine ndinawerengera kuyambira pa wani ngati munthu, choncho masiku onse anasuntha ndi tsiku limodzi. Aliyense wowerenga ndi maso otsegula akanachiona.

Ndinamulembera Wamawaya. Anandiimbira ali padenga la ofesi ina, mphepo ikupokosera m'foni, n'kunena kuti ndisadandaule, mlandu wonse ausenza iye. Nditamufunsa kuti zinatheka bwanji iye, munthu woona tsiku lowonjezera la Febuluwale, kusaona chinthu chachikulu chonchi, anati tsikulo anali atatopa. Kenako anandifunsa kuti amayi amakonda shati ya mtundu wanji pa munthu. Ndinaseka n'kumukhulupirira, chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira.

Chokonza changa anasainira ndi achimwene eni ake. Unali mzere umodzi, koma anauyang'ana kwa mphindi makumi awiri magalasi ali pamphuno. Lachinayi m'mawa anatseka shopu n'kupita kuchipatala kukapepesa okalamba aja mmodzimmodzi.

* * *

Chipinda cha kuseri kwa shopu n'chaching'ono. Mashelefu ake ngodzaza malaputopu akufa, iliyonse ili ndi kapepala ka dzina la mwini wake, ndipo fani yake ilibe chophimba moti odutsa pafupi amagwira tsitsi. Lowerukalo tinalipo anthu asanu ndi anayi. M'gulu mwathu tili ndi chizolowezi chakuti chinthu chikalakwika sitifunsa kuti walakwitsa ndani, timafunsa kuti chinadutsa bwanji. Woyendetsa zokambiranazo anali Madamu.

Madamu ndi mkazi wamtali, wokongola mopanda kudzivutitsa, ndipo amalankhula pang'onopang'ono ngati tonse ndife ana a m'kalasi mwake. Anayatsa pulojekita n'kuonetsa pakhoma mbiri ya pulogalamu yathu. Anayamba n'kunditonthoza, akunditcha chemwali, kuti ziro ameneyu anagwetsapo anthu ophunzira kuposa tonsefe. Kenako analoza manambala awiri aang'ono pakona. Ntchito yanga ndinaitumiza nthawi ili 4:12 madzulo. Wamawaya anasainira nthawi ili 4:13.

"Inali mizere mazana atatu," anatero Madamu. "Ine ndimawerenga msanga, koma pamenepo sindinafikepo."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Achimwene anavula magalasi n'kutembenukira kwa Wamawaya, amene anali atatsamira chitseko chisoti cha njinga chili m'manja.

"Unawerenga?"

"Sindinawerenge, achimwene."

"Chifukwa chiyani?"

Akanatha kunena za kutopa zija. Akanatha kunena kuti anadina molakwitsa. Koma iye anandiyang'ana ine, ndipo anthu asanu ndi awiri anatsatira maso akewo. Kenako, chifukwa mwamuna ameneyu nthawi yabwino yolankhulira saidziwa, ananena pomwepo, fani ikulira, kuti amakonda mlongo wawo ndipo ankafuna kudzaonekera kunyumba mawa lake.

Ndinalakalaka nditalowa m'shelefu n'kukhala pakati pa malaputopu akufawo. Kenako achimwene anakoka kiyibodi, n'kutsegula mndandanda wa osunga makiyi pakhoma pomwepo, n'kufufuta dzina la Wamawaya chilembo ndi chilembo tonse tikuona.

"Chikondi chakocho chadzutsa okalamba makumi anayi m'mamawa pachabe," anatero. "Chikalowa m'nyumba mwathu chidzadzutsa ndani?"

Anatseka msonkhano, n'kundiuza kuti ine tikakambirana kunyumba.

* * *

Wamawaya ndinamupeza kuseri kwa shopu akumanga makwerero amene anali omanga kale. Atandiona anayamba kupepesa za kulankhula pagulu, koma ndinamudula. Ndinamuuza kuti za pagulu ndamukhululukira kale, ndili ndi funso limodzi lokha, ndipo andiyankhe akundiyang'ana.

"Zinazo unkawerenga?"

Anapotokola chingwe m'manja mwake. Anati yoyamba titangogwirizana anaitsegula, n'kupeza kakang'ono kolakwika, n'kuyamba kulemba ndemanga. Kenako anakumbukira mmene ndinamuuzira kuti ndinalirira m'bafa, ndipo chala chinakana kudina. Anafufuta ndemangayo n'kusainira. Kuyambira pamenepo ankangoti akaona dzina langa, asainire msanga asanaone chimene chingamukakamize kundikhumudwitsa.

"Zonse khumi ndi ziwiri?"

"Zonse."

Anayamba kufotokoza kuti ankaganiza kuti ndi kundikhulupirira, kuti munthu amene umamukonda sumamufufuza ngati wakuba. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza, chifukwa ankanena zoona za mumtima mwake, ndipo mwina mkazi wina akanasangalala nazo. Koma ine ndinkaganizira nsapato zija. Miyezi inayi ndinkayenda monyada, ndikuuza amayi kuti mwana wawo wafikapo, pomwe panalibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana ntchito yanga. Sindinkadziwanso ngati ndimatha kapena ayi, ndipo amene anandilanda kudziwa kumeneko anali munthu yemwe anandiuza koyamba kuti ndili ndi mutu.

Ndinamuuza kuti pamene ankabweza ntchito yanga kasanu ndinkamva kuwawa, koma ndinkadziwa kuti pali munthu akundiona. Anatambasula dzanja kuti andigwire, ndipo ndinalola kuti agwire nsonga za zala zokha. Anafunsa ngati za mawa zafa. Ndinati sindikudziwa, ndimva kaye za kunyumba.

* * *

Kunyumba ndinapeza achimwene atafotokoza kale zonse. Anali ataimirira pakati pa balaza akuwerenga zifukwa pa zala, amayi ali pasofa mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Anati munthu wosaina chinthu asanachiwerenge adzasaina chilichonse. Anati miyezi inayi wakhala akudya nawo pa tebulo limodzi m'shopu, akuwatcha achimwene, kumbali akuzembetsa mlongo wawo. Anati iwo lamulo la maso anayi sanaliike pofuna kuvutitsa anthu, analiika chifukwa kumapeto kwa waya uliwonse kuli munthu, ndipo sabata ino munthuyo anali mayi wawo.

Mfundo yomalizayo inali yoona.

Amayi anawasiya mpaka mpweya unawathera. Kenako anandifunsa ngati mnyamatayo anavomera yekha kuti sanawerenge, kapena anachita kumupanikiza. Ndinati anavomera atangofunsidwa kamodzi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti pa zaka makumi atatu za unamwino aona anthu ambiri olakwitsa, koma ovomera pa funso loyamba sakwana zala za dzanja limodzi. Anati ulesi wa chikondi umachizika, bodza ndiye silichizika, ndipo anawakumbutsa achimwene kuti iwonso ali pa chibwenzi ndi akazi awo, alamu angawo, anawakonzera foni n'kuiwala kubwezeramo batire.

"Abwere mawa teni koloko," anatero amayi. "Ndikufuna ndimuone amene anandiimitsa pamaso pa agogo aja. Akandipepesa bwino, tidzamva zinazo."

Achimwene anati nawonso adzakhalapo, ndipo asayembekezere kuti adzamwetulira. Anatenga makiyi a galimoto n'kutuluka. Ine ndinayenera kudumpha ndi chimwemwe, poti chitseko chimene ndinkachiopa miyezi inayi chinali chitatseguka chokha. Ndinamulembera Wamawaya kuti amayi alola, teni koloko. Anayankha ndi mitima isanu ndi iwiri, ndipo ndinaiyang'ana osamva kanthu.

* * *

Lamlungu m'mawa ndikusita diresi, foni inalira. Unali uthenga wa Madamu, wautali, wolembedwa bwino ngati kalata ya kwa makolo. Anati ndisamude chifukwa cha dzulo, iye manambala akaona sangawabise. Anati ntchito zanga khumi ndi ziwiri anaziwerenga zonse kuyambira Lachinayi. Zisanu ndi zinayi zili bwino ndithu, zitatu zili ndi timabowo, ndipo wandilembera poti ndikonze. Anati mutu ndili nawo, ndisalole munthu kundinyamula ngati dzira.

Mpaka pamenepo ndinatsala pang'ono kumukonda. Koma panali mzere wina pansi.

"Ine Wamawaya sanandichitepo chipongwe chotero. Zanga amawerenga mpaka lero. Taonani nokha Lachisanu lomwe lija."

Ndinaika simbi pambali n'kutsegula laputopu. Zinalidi pomwepo, poyera, pamene aliyense akanaziona kalekale. Atangosainira zanga, nthawi ili 4:14, Wamawaya anatsegula ntchito ya Madamu, ndipo anakhala nayo mpaka sikisi koloko itadutsa. Analemba ndemanga khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankamutsutsa, Madamu n'kumubwezera, iye n'kubwereranso. Pena anamukumbutsa cholakwika chimene anachita chaka chatha, pena anavomera kuti wagonja, pena anamuseka kuti mphunzitsi wa masamu wasochera pogawa. Munthu wotopa uja anali ndi mphamvu za maola awiri.

Ndinawerenga zonse kawiri, ndikufunafuna mawu amodzi achikondi oti ndimugwire nawo. Munalibe. Palibe akanati wandizembera, ndipo Madamu anadziwa bwino chimene ankachita ponditumiza kumeneko. Komabe m'ndemangazo ndinamva mawu a munthu amene ndinamukonda, wamakani uja, woyang'anitsitsa uja, wondiperekeza ku basi akutsutsana nane. Munthu ameneyo anasiya kulankhula nane tsiku limene ndinamulola, koma kwa Madamu sanasiye. Nsanje imene inandigwira sindinaimvepo, ndipo inali yochititsa manyazi kuifotokoza: ndinkachitira mkazi mnzanga nsanje chifukwa chodzudzulidwa.

Kubalaza amayi anali akuyala nsalu yatsopano patebulo, akuimba chapansipansi. Achimwene anali atafika kale, atakhala pampando wa bambo manja atapinda. Foni inaliranso. Anali Wamawaya.

"Ndavala kale shati yoyera. Ndili pakona pa msewu wanu. Ndilowe?"

Ndinasuzumira pazenera. Analidi pakona, ataima pambali pa njinga imene kwa nthawi yoyamba inalibe makwerero, akupukuta nsapato ndi kansalu. Ndinamukonda pamenepo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo ndinadziwa kuti akalowa lero, amayi amukonda, nkhani itha, ndipo moyo wanga wonse adzandivomereza asanandimve. Ndinamuyankha.

"Usalowe. Pita ukawerenge zanga zonse khumi ndi ziwiri mmene umawerengera za Madamu. Ukapeza zolakwika zitatu, udzabwere."

Ndinamuona akuwerenga uthengawo. Anayang'ana nyumba yathu nthawi yaitali, kenako anapinda kansalu kaja n'kukwera njinga.

Nditalowa m'balaza, amayi anali ataika makapu anayi patebulo. Anandifunsa kuti mlendo wafika pati. Ndinapita patebulopo n'kuchotsapo kapu imodzi. Nyimbo ya amayi inathera pakhosi. Achimwene anamasula manja awo pang'onopang'ono, n'kuyang'ana amayi ngati munthu amene mlandu wamukomera.

"Mwaonatu, amayi," anatero. "Tsiku loyamba lomwe, munthu wa makwerero sanabwere."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndamubweza ndine, koma amayi anali atayamba kale kupinda nsalu yawo yatsopano.

"Ine ndimaitana munthu kamodzi," anatero, n'kulowa kuchipinda.